Mayi Amene Anasinja Njala

Anthu ankawatchula Mayi Chigayo, ndipo dzina limene makolo anawapatsa linazilala iwo akadali kamtsikana. Anayamba kusinjira anthu msinkhu wawo usanafanane ndi wa munsi. Mayi awo atamwalira anawasiyira kamlongo kakhanda, kobadwa ndi mwendo umodzi wopuwala, ndipo ankakabereka kumbuyo n'kumayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali chimanga chofuna kukonola. Malipiro ake anali gaga ndi kambale ka mphale. Mwanayo anakulira pamsana wogwedezeka umenewo. Munsi ukamalira ankagona tulo tofa nato, ukangoleka iye n'kudzidzimuka.

Mayi Chigayo anakula n'kukhala mzimayi wamfupi, wa mapewa otambalala ndi zikhatho zokhakhala. Amuna awo, munthu wofatsa wokonza njinga, ankauza anzawo kuti mkazi wawo akamawasisita kumsana amamva ngati akupalidwa ndi chitsononkho, komabe sanasiye kupempha kusisitidwa mpaka tsiku limene anatsamira mkono. Chigayo chenicheni chitafika pamsika, amayi ambiri anapitiriza kubwera kwa iwo, ati ufa wa makina umanunkha chitsulo. Ufa wa Mayi Chigayo unkatuluka woyera ndi wosalala, woti ukaugwira umathawa m'zala.

Nkhondo itayamba, kumudzi kwawoko sikunamveke mfuti ngakhale imodzi. Inabwera mwaulemu, pagalimoto, n'kutenga anyamata. Mwa iwo munali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anasiya mkazi ali ndi pakati. Itatha kutenga anyamata inalowa m'munda. Alangizi a boma anafika ndi zingwe zoyezera mizere, n'kulamula kuti munda uliwonse ukhale wa chimanga chokhachokha. Maungu, nyemba ndi mbatata zimene anthu ankaponya pakati pa mizere chiyambire makolo awo anati zizulidwe, chifukwa zikudyera chimanga cha asilikali. Mayi Chigayo anazula maungu awo ali ndi maluwa, mlangizi ataima kumbuyo kwawo atapinda manja.

"Dzungu lakulakwirani chiyani, mwananga?" anamufunsa.

"Dzungu silifika kunkhondo, mayi. Limaolera m'njira."

"N'chifukwa chake ndimalikonda."

Pokolola magalimoto anabweranso. Chimanga chonse chinapita kudepoti ya boma, nkhokwe zinatsala kukamwa yasa. Boma linati lizipereka lokha ufa, banja lililonse molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake, choncho panalibenso chifukwa choti munthu asunge chimanga kapena kusinja. Chigayo cha pamsika anachikulunga unyolo n'kukolekapo loko wamkulu ngati chibakera.

"Nanga inu loko wanu abweretsa liti?" mkazi wa telala, mnansi wawo, anawafunsa pachitsime.

"Abwere naye. Ndikawaonetsa pokoleka athawa okha."

Amayi anaseka mpaka kutaya madzi, koma aliyense mwa iwo anali atabisa kena kake, wina m'denga, wina pansi pa mphasa, wina kuthengo. Mayi Chigayo anakwirira mtsuko waukulu m'khola, limene mbuzi zake zinali zitapita kale kunkhondo, n'kukhazika chomwera chamtengo pamwamba pake. Mumtsukomo munali mbewu ya chaka chamawa ndi chakudya cha mdzukulu wawo, kamtsikana kamene kanabadwa bambo ake ali kutali.

Ufa wa boma unabwera bwino miyezi yoyamba, kenako unayamba kuchepa, kenako unasanduka mawu okhaokha. Koma anyamata a kudepoti sanasiye kubwera. Ankayenda ndi zitsulo zazitali zosongoka, kubaya pansi, m'makoma ndi m'madenga. Kapitawo wawo anali mlendo wa kutauni, wa nsapato zolira, munthu wosakonda thukuta. Atatopa ndi kukumba anatulukira nzeru: chimanga chimabisika, koma mtondo subisika. Kuyambira pamenepo ankangokhala pachulu cha kumapeto kwa mudzi m'mawa uliwonse, n'kutchera khutu. Pambali pake pankakhala mlongo wa Mayi Chigayo uja, tsopano bambo wa ana akeake. Nkhondo inamukana chifukwa cha mwendo, depoti n'kumulemba ntchito chifukwa cha makutu.

Akuluakulu ankawiritsa chimanga chosasinja mwakachetechete n'kumatafuna. Koma khanda silitafuna. Mkaka unali utauma m'mawere a mpongozi wa Mayi Chigayo, ndipo njere zimene ankayesa kumutafunira mwanayo zinkatuluka mmene zalowera. Kamwana kamene kanali katayamba kukwawa kanasiya. Timiyendo take tinatsala ngati mapesi, kankangogona chammbali n'kumayang'ana khoma. Kankafunika phala losalala, ndipo phala limafuna ufa.

Mkazi wa telala anayesa kukulunga munsi ndi nsanza za mwamuna wake n'kusinjira m'nyumba atatseka chitseko. Sizinathandize, pakuti mtondo umalankhula kudzera m'nthaka. Anyamata a kudepoti anamukumbira nyumba yonse n'kutenga zonse, ndi mbewu yomwe.

M'mawa mwake Mayi Chigayo anagubuduza mtondo wawo n'kuuimika pakati pa bwalo, poonekera aliyense.

"Amayi, mukuutulutsiranji?" mpongozi wawo anafunsa, mwana ali m'manja.

"Wachita nkhungu."

"Koma mulibe kanthu m'menemo."

"Ndaona, mwananga. Maso ndikadali nawo. Lowa m'nyumba."

Analavulira m'zikhatho, ananyamula munsi, n'kuyamba. Mtondo wopanda kanthu umalira ngati ng'oma, ndipo mudzi umene unali utaiwala mawu amenewo unatulukira pakhomo. Posakhalitsa nsapato za kapitawo zinamveka, anyamata ake akuthamanga patsogolo ndi zitsulo, mlongo uja akutsimphina kumbuyo. Kapitawo anasuzumira mumtondo, anapisamo dzanja, n'kupeza mtengo wokhawokha.

"Mukusinja chiyani, mayi?"

"Njala."

"Mwati chiyani?"

"Njala, bambo. Ndiyo mwatisiyira. Yabereka bwino chaka chino, ndiye ndati ndiikonole isanafumbwe. Ngati boma likuifunanso, tumizani thumba."

Mmodzi wa anyamata aja anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Kapitawo anafunsa mlongo wawoyo ngati lamulo likulola zimenezi.

"Lamulo likunena za chimanga, bwana," anayankha akuyang'ana pansi.

Anabaya khitchini yonse, sanapeze kanthu, anapita. Mawa lake Mayi Chigayo anasinjanso, kapitawo ndi anyamata ake anathamanganso. Pachitsime amayi anawazungulira kufuna kudziwa ngati mutu wayamba kusokonekera.

"Mawa nonse tulutsani mitondo," anawauza motsitsa mawu. "Koma musasinje mopanda kanthu monga ndachitira ine. Mtondo wopanda kanthu umalira ngati mutu wa mwamuna woledzera, aliyense amauzindikira. Thiranimo mchenga wonyowa ndi zitsononkho zoduladula. Mawu ake amafanana ndi a mphale."

"Ndiye tidya mchengawo?" anafunsa mkazi wa telala.

"Ana ako adya phala. Ikamalira yonse pamodzi, ndani adziwe mtondo umene ukunena zoona?"

Zinayenda choncho. Dzuwa likangotuluka mudzi wonse unkagunda, kuyambira kuchitsime mpaka kuchulu, ndi nkhalamba zomwe zimene zinasiya munsi kalekale. M'kati mwa chiphokoso chimenecho, kuseri kwa mpanda wina, mtondo wina unkasinja chimanga chenicheni, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ndipo ufawo unkagawidwa m'makomo mmene munali ana aang'ono. Kapitawo ankathamanga uku ndi uku n'kumangopisa dzanja mumchenga, amayi akumupatsa moni mwaulemu wonse, mpaka kugwada. Mdzukulu wa Mayi Chigayo anayamba kumeza phala, anayambanso kulira mokweza, ndipo agogo ake ankati mwana wolira chotero sakupita kulikonse.

Tsiku lina masana mlongo wawo anabwera yekha. Anaima pampanda, ndipo iwo sanamupatse mpando.

"Achemwali, mchenga sulira ngati chimanga."

"Ndiye kanene."

"Dzulo chinali kwa azamba. Dzana chinali kuno. Ine ndinakulira pamsana panu, mungandinamize ndi zitsononkho?"

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndawauza kuti m'khutu muli mafinya. Koma mafinya amatha. Nanenso ndili ndi ana, achemwali. Akandichotsa ntchito adya chiyani?"

"Abwere kuno adzadye mchenga ndi anzawo." Anamuyang'ana kuyambira kumwendo wopuwala mpaka kumutu. "Ndinkakutafunira mphale ndi mano angawa, iwe. Sindinkadziwa kuti ndikulera makutu a boma."

Iye anatembenuka n'kumapita.

Amene anawaulula sanali iye. Amayi aja anaganizira za makutu a kapitawo, koma anaiwala nkhuku. M'mudzimo munatsala tinkhuku towerengeka, towonda, timene asilikali sanatione. Masiku oyamba tinkathamangira mtondo uliwonse n'kukajompha mchenga, koma tinaphunzira msanga. Mitondo ikayamba kulira tinkaima, kupendeketsa mitu, n'kulunjika kumene kukudumpha njere zenizeni. Mzimayi wosinja saona nkhuku. Zimakhala kumapazi kwake chibadwire, amazikankha ndi mwendo osadziwa n'komwe kuti wakankha kanthu. Koma kapitawo anali wa kutauni, ndipo kwa iye nkhuku inali chinthu chooneka. Ali pachulu paja anaona nkhuku za makomo osiyanasiyana zikulambalala mitondo yonse, zili pamzere ngati zikupita kumaliro, n'kukalowa pansi pa mpanda wa Mayi Chigayo.

Tsiku limenelo ankatibula mphale yoviika, awiri ndi mpongozi wawo, minsi ikulandirana. Nsapato sanazimve, chifukwa mwini wake anali atazivula n'kuzinyamula m'manja. Anangoona chithunzithunzi chagwera pamtondo.

"Pisamo dzanja," kapitawo anauza mlongo wawo.

Munthuyo anapisa, ndipo anachedwa kulitulutsa. Ufa wonyowa umamatirira. Dzanjalo linatuluka loyera mbuu, ndipo analikweza chifukwa panalibe poliika.

"Ndi changa," Mayi Chigayo anatero asanafunsidwe. "Mpongozi wangayu musiyeni, ndi mlendo pakhomo pano. Sadziwa ngakhale pamene ndimaika mchere."

"Chotsala chili kuti?"

"Chimenechi chinali chomaliza."

"Mayi, musandione ngati mwana."

"Ndikadakuonani ngati mwana ndikadakuphikirani phala."

Anyamata anabaya nyumba, khitchini ndi bwalo lonse. M'khola anabaya apa ndi apo atagwira mphuno, koma chomwera sanachisunthe. Kapitawo atapsa mtima analamula kuti mitondo yonse ya m'mudzimo ikwezedwe pagalimoto, ya mchenga ndi ya chimanga yomwe, ngakhalenso miyala yoperera. Pamwamba pa mitondoyo anakhazikapo Mayi Chigayo. Galimoto ikunyamuka anaona mpongozi wawo ataima pampanda ndi mwana. Chimanga chinalipo pansi pa khola, koma m'mudzi monse munalibenso posinjira.

Depoti inali chinyumba chachitali cha malata, chopanda mawindo, matumba atasanjikizana mpaka kudenga. Munkanunkha mankhwala a anankafumbwe, ndipo makoswe ake anali onenepa kuposa ana a m'mudzi. Chigayo cha m'menemo chinali chitaima chifukwa mafuta onse anapita kunkhondo, chonsecho asilikali ankafuna ufa. Choncho mitondo yolandidwa ija anaiimika pamzere kuseri kwa chinyumbacho, ndipo amayi ogwidwa ndi chimanga m'midzi yonse yozungulira ankasinjira boma.

"Paja mumakonda kusinja," kapitawo anatero. "Musinja mpaka mutakumbukira pamene munakwirira."

Mayi Chigayo anayenda pamzerewo mpaka anapeza mtondo wawo, wa mng'alu womanga ndi waya pamlomo, n'kuima pamenepo.

Ntchito ikatha alonda ankawasecha onse, m'manja, m'chiuno, m'mfundo za nsalu. Njere imodzi inali mlandu. Koma sopo ndi madzi ochapira depoti inalibe, ndiye inalola kuti achibale azibweretsa zovala zochapa n'kutenga zakuda. Povula duku lawo tsiku loyamba lomwe, Mayi Chigayo analipeza litayera ndi fumbi la ufa lomatirira pathukuta. Analikanda ndi chikhadabo, n'kulawa.

Kuyambira pamenepo anasintha kagwiridwe ka ntchito. Munthu amene moyo wake wonse ankasefa mozemba mphepo kuti ufa usamugwere, tsopano ankasefa atayang'anizana nayo. Duku ndi nsalu ya m'kati ankazinyowetsa ndi madzi awo akumwa. Ankapukuta nazo mtondo, ati ukhondo, kupukuta sefa, lichero ndi munsi, n'kuzivalanso, ufa n'kumaumira m'mapindo wina pamwamba pa unzake. Pofika madzulo ankaoneka ngati mzukwa, ndipo alonda ankawaseka.

"Mayi, simusamba kodi?"

"Ndidzasamba pa ukwati wako, ukadzapeza wokufuna."

Mpongozi wawo atabwera anamupatsira mtolo pa waya wa mpanda.

"Mwana ali bwanji?"

"Wayambanso kuyang'ana khoma, amayi."

"Zovala izi usakachapire kumtsinje. Ukaviike mumphika, m'madzi oyera. Madziwo usataye."

Mtsikanayo anaugwira mtolowo, anaufinya, n'kumva kulimba kwake.

"Usalire pano, iwe. Nkhope ngati wanyamula maliro. Wanyamula nsanza za nkhalamba basi."

Pachipata amene ankaona katundu wotuluka anali mlongo wawo, pakuti mitondo itachoka m'midzi makutu ake anatha ntchito pachulu. Analandira mtolowo n'kuuyeza m'dzanja. Anaumasula pang'ono, ananunkhiza, n'kuyang'ana kuseri kumene mchemwali wake anali atayamba kale kusinja atamufulatira.

"Muli chiyani?" mlonda mnzake anafunsa.

"Thukuta la nkhalamba. Ukufuna ugwireko?"

Mnzakeyo anakana. Mtolo unadutsa, ndipo inanso yambiri inadutsa pambuyo pake.

Phala lake linkakhala lotuwa, lamadzimadzi, la mchere wosachita kuthira, koma mwana ankameza. Amayi ena a pamzere paja anaona, nawonso anayamba kusefa moyang'ana mphepo. M'mawa uliwonse kapitawo ankaima pa mtondo wa waya uja.

"Mwakumbukira, mayi?"

"Ndakalamba, bambo. Ngakhale nkhope yanu ndimaiwala ndikagona. Ndiyo nthawi yokhayo ndimapuma."

Iye ankawawonjezera chimanga choti asinje, poganiza kuti akuwakhaulitsa. Iwo sankadandaula, pakuti chimanga chikachuluka fumbi limachulukanso.

Thupi ndilo linayamba kukana. Phewa lakumanja linatupa n'kumalira m'kati ngati chitseko chakale, mpaka analeka kutha kumanga duku okha. Mzimayi wina wa mudzi wapafupi, amene ankawamangira, anawachonderera kuti anene pamene pali mtsuko apite kwawo.

"Ndikanena atenga mbewu, atenganso mpongozi wanga," anayankha. "Ndipo ndikapita kwathu ndikasinjira chiyani, chigaza changachi? Mtondo wanga uli kuno, chimanga chili kuno. Ndimangire dzanjali."

Mnzawoyo anamangirira dzanja lodwalalo kumunsi ndi chingwe cha thumba, ndipo iwo ankakweza ndi lamanzere, linalo likungotsatira.

Chimene chinawatulutsa ndi mvula. Mitambo itayamba kusonkhana, boma linakumbukira kuti minda ya asilikali ilibe odzala, n'kutsegula chipata. Mayi Chigayo anapempha mtondo wawo, anawakaniza. Anausisita pamlomo n'kuusiya. Munsi sanadzaukwezenso. Dzanja lamanja linakana kupitirira phewa mpaka tsiku la imfa yawo, patapita zaka zambiri nkhondo itatha.

Pachipata anadutsa pafupi ndi mlongo wawo. Anaima, n'kumuyang'ana koyamba chilowereni m'menemo.

"Wawonda, iwe."

"Inunso, achemwali."

"Ine ndili ndi chifukwa."

Anayenda wapansi ulendo wonse, dzanja atalikoleka m'nsalu, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Anafika masana. Mpongozi wawo anali pakhonde akukhomerera khasu mumpini, ndipo atawaona anaponya zonse pansi. Pafupi ndi khomo panaima kamtsikana kakutafuna chimanga chowiritsa ndi timano tatsopano. Kanayang'ana nkhalamba yotuwa, yowonda, ya tsitsi lomatana ndi ufa, imene inali kulowa pampanda. Kanataya chimanga chija, kanakuwa, n'kuliyatsa liwiro kulowera kuseri kwa nyumba.

"Bwera kuno, iwe, ndi agogo ako," mayi ake anaitana mwamanyazi, akudzuka kuti akagwire.

"Musiye," Mayi Chigayo anatero. Anakhala pansi pang'onopang'ono, pafumbi pomwepo, maso ali kumene mwana walowera. "Musiye athawe, ndione bwino. Miyendo imeneyo ndasinja ndine."